Zinyalala za khonsolo ndi ziti, nanga za mlimi ndi ziti?

Pa kalembera wa chaka cha 2018, tawuni ya Monkey Bay m'boma la Mangochi idapezeka ndi anthu pafupifupi 15,000. Anthu onsewa amaphika, amasesa, amagula ndi kugulitsa, ndipo pofika madzulo aliyense amakhala atasiya kanthu kotaya. Banki Yaikulu Padziko Lonse, mu lipoti lake la 2018 lotchedwa What a Waste 2.0, idati m'maiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara munthu mmodzi amataya zinyalala zolemera makilogalamu 0.46 patsiku, kapena kuti pafupifupi theka la kilogalamu. Tikatengera mlingo umenewu, Monkey Bay yokha ikutulutsa matani pafupifupi 7 tsiku lililonse.

Funso limene limamveka kawirikawiri pamalo a malonda ndi lakuti: kodi akhonsolo adzabwera liti kudzachotsa mulu uwu? Funsoli n'loyenera, pakuti ogulitsa amadula chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku. Koma ife pa tsamba lino la achikumbi tili ndi funso lina. Mwa matani 7 aja, ndi angati amene ayeneradi kukwera galimoto kupita kumtaya? Tikaufukula bwino muluwo tipeza kuti muli katundu wa anthu atatu. Wina ndi wa khonsolo, wina ayenera kubwerera kwa mwini wake, ndipo wochuluka zedi ndi wanu alimi.

Za khonsolo ndi ziti?

Lamulo la maboma aang'ono la chaka cha 1998 lidapereka kwa makhonsolo udindo wosamala ukhondo m'madera awo, kuphatikizapo kutolera ndi kutaya zinyalala. Monkey Bay ili pansi pa khonsolo ya boma la Mangochi. Malamulo ena ofotokoza kasamalidwe ka zinyalala adatuluka m'chaka cha 2008, ndipo lamulo la zachilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe la MEPA kuti lizionetsetsa kuti malamulo oterewa akutsatidwa.

Tsono akatswiri akamanena za zinyalala za m'tawuni satanthauza chilichonse chimene munthu wataya ayi. Amanena zinthu zogwirika ndi manja zochokera m'malo atatu. Malo oyamba ndi m'makomo mwathu: zotsala za chakudya, makoko, phulusa, zosesa pabwalo, nsanza, nsapato zakutha ndi mbale zosweka. Malo achiwiri ndi amalonda, monga misika, magolosale, malesitilanti, mabala ndi malo ogona alendo. Kumeneku kumachokera masamba ofota, tomato woola, makatoni, majumbo, mabotolo ndi zitini. Malo achitatu ndi sukulu, maofesi, matchalitchi ndi mizikiti, kumene kumatuluka mapepala ndi zosesa. Pamwamba pa izi timaonjezerapo zosesa mumsewu ndi padepoti.

Izi ndiye zimene khonsolo iyenera kukonzera malo osonkhanitsira, kuzinyamula ndi kukazitaya pamalo ovomerezeka, monga m'mene mzinda wa Blantyre umatayira ku Mzedi ndipo wa Lilongwe ku Area 38.

Zimene siziyenera kulowa mu bini ya msika

Pali magulu ena amene sawerengedwa ngati zinyalala wamba za m'tawuni, ndipo mlimi ayenera kuwadziwa bwino chifukwa ndi amene amaononga manyowa.

Zotuluka m'chimbudzi ndi madzi oipa zili ndi njira yakeyake. Majakisoni, mabandeji ndi mankhwala otha ntchito a kuchipatala ayenera kuotchedwa m'ng'anjo yapadera ya pachipatala pomwepo. Zotsala za m'mafakitale ndi m'magalaja ndi za eni ntchitoyo. Monkey Bay ndi doko lakale, kumene sitima ya Ilala idalumikizidwa ndi kuyamba kuyenda panyanja m'chaka cha 1951, ndipo kulikonse kumene akukonza masitima, maboti ndi injini kumatuluka zitsulo, penti ndi oilo wakuda. Njerwa ndi simenti zogumuka pomanga nyumba nazonso ndi za womangayo.

Gulu lina ndi la zinthu zapoizoni zimene timazisunga m'nyumba osaziopa: mabatire a tochi ndi a wailesi, mabatire a sola ndi a galimoto, mafoni akufa, mababu ndi mabotolo a mankhwala opopera thonje, ndiwo zamasamba kapena othira m'chimanga. Mfundo ya malamulo a zachilengedwe pa zonsezi ndi imodzi: amene watulutsa choipa ndiye achisamale.

Zotsala za kumunda ndi kukhola, monga mapesi, masangwe a mtedza, ndowe ndi zitosi, nazonso si za khonsolo. Palibe mlimi wanzeru amene angadikire galimoto kuti idzamuchotsere ndowe m'khola, chifukwa amadziwa mtengo wake. Chodabwitsa n'chakuti masamba a mpiru omwewo akafota pamsika timawatcha zinyalala, pamene akadafotera kudimba tikadawatcha manyowa.

Galimoto siingathe zonse

Lipoti la Banki Yaikulu lija lidapeza kuti m'maiko osauka zinyalala zimene zimatoleredwa m'mizinda ndi 48 pa 100 zilizonse, ndipo kunja kwa mizinda ndi 26 zokha. Zotsalazo zimaotchedwa, kukwiriridwa kapena kungotayidwa paliponse. Lipoti lomwelo lidati m'maiko oterewa zinyalala zoposa theka ndi zinthu zoola, zakudya ndi zomera.

Zoolazi ndiye zolemera kwambiri chifukwa zadzaza madzi. Ndizonso zimene zimanunkha, zimaitana ntchentche ndi makoswe, ndipo sizingadikire sabata. Kuchokera ku Mangochi Boma kufika pa Monkey Bay ndi makilomita oposa 60, ndipo khonsolo yomweyo ili ndi misika ina yambiri yoti iyang'anire, kuyambira kwa Makanjira mpaka ku Namwera ndi kwa Chilipa. Kugula dizilo wokwera mtengo kuti unyamule mango oola ndi matumbo a nsomba n'chimodzimodzi kunyamula madzi pagalimoto. Zoola zikachotsedwa pamalo pomwepo, katundu wa khonsolo amatsika ndi theka, ndipo wotsalayo ndi wouma, wosanunkha, woti angathe kudikira tsiku la galimoto.

Gawo la mlimi

Tiyeni tichite masamu. Theka la matani 7 ndi matani atatu ndi theka patsiku. Pachaka ndi matani oposa 1,200 a zinthu zoola. Zinthuzi zikaola zimafwafwa ndi kutaya madzi, kotero kompositi amene angatuluke ndi matani 400 mpaka 600. Pa mlingo wa matani 5 pa hekitala, manyowa amenewa akwanira mahekitala pafupifupi 100. Banja la anthu asanu nalo limataya makilogalamu oposa 800 pachaka, ndipo theka lake litasamalidwa lingapereke matumba atatu kapena anayi a kompositi, okwanira mabedi angapo a ndiwo kuseri kwa nyumba.

Msika wa kunyanja uli ndi zabwino zimene misika ya kumtunda ilibe. Mamba, mitu ndi matumbo a chambo, kampango ndi mcheni, komanso zinyenyeswa za usipa ndi utaka zogwa pansi pa mathandala, zili ndi mchere wa nayitirojeni ndi fosiforasi wochuluka kuposa masamba. Palinso makoko a nthochi ndi chinangwa, zotafuna za mzimbe, mankhusu a chimanga, mango ogwa m'nyengo yake, utuchi wa kwa akalipentala ndi phulusa la paziwaya. Amene ali kufupi ndi mtsinje wa Shire ndi nyanja ya Malombe ali ndi namasupuni, udzu umene umavutitsa asodzi koma umaola bwino ukauvuula ndi kuufotetsa.

Pano tinene zoona, pakuti ena amalalikira manyowa ngati mankhwala ochiza chilichonse. Thumba la Urea la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitirojeni. Kompositi wabwino wouma amakhala ndi kilogalamu imodzi yokha pa makilogalamu 100 alionse, ndipo amaitulutsa pang'onopang'ono. Kuti mufanane ndi thumba limodzi la Urea mufunika matumba oposa 40 a kompositi. Choncho manyowa salowa m'malo mwa feteleza yense m'munda waukulu wa chimanga.

Ntchito yake yaikulu ili pena. Minda yambiri ya m'mphepete mwa nyanja ndi yamchenga, dzuwa limaomba kwambiri, ndipo mvula imakonda kudula pakati. M'nthaka yotere feteleza amatsika ndi madzi mizu isanamudye, ndipo ng'amba ya masabata awiri imafotetsa chimanga. Manyowa amagwira chinyontho, amasunga mchere wa feteleza pafupi ndi mizu, ndipo amabwezera timichere tina timene m'thumba mulibe. Feteleza amene timathira amachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense adaona m'mene mtengo wa thumba udakwerera. Mlimi amene wakwanitsa thumba limodzi lokha ayenera kuonetsetsa kuti thumbalo lagwera panthaka yoti iligwire.

Musafukule mtaya

Alimi ena a madimba, poona dothi lakuda pamtaya wakale, amapita ndi ngolo kukalitapa. Dothilo limaoneka lachonde, ndipo chaka choyamba masamba amabiriwira. Koma pamtaya wosakanikirana pamakhala zonse zija tanena kuti siziyenera kukhalapo.

Mabatire akasweka amatulutsa zitsulo zapoizoni monga mtovu, ndipo ena ali ndi cadmium kapena mercury. Zitsulo zimenezi siziola ngakhale papite zaka zambiri. Zina mwa izo ndiwo zamasamba zimayamwa, ndipo mtovu umaononga ubongo wa ana. Magalasi osweka ndi majakisoni amacheka mapazi a wolima. Mathewera a ana otaya ukagwiritsa ntchito amanyamula tizilombo ta matenda a m'mimba. Majumbo amaduka tizidutswa timene timatsekereza mizu ndi madzi, ndipo mbuzi kapena ng'ombe ikawameza amaunjikana m'mimba mpaka chiweto kuonda ndi kufa. Funsani opha mbuzi pamsika akuuzeni zimene amapeza akatumbula.

Boma lidaletsa mapepala apulasitiki opyapyala, osafika ma micron 60, m'chaka cha 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo lidagwirizana ndi chiletsocho mu Julaye 2019. Mayi Gloria Majiga-Kamoto, amene adalimbikira nkhaniyi, adalandira mphotho ya Goldman m'chaka cha 2021. Komabe majumbo amene adalowa kale m'nthaka akadali momwemo, chifukwa pulasitiki saola ngati tsamba. Kuotcha mulu wosakanikirana nakonso si yankho: utsi wa pulasitiki ndi woipa m'chifuwa, ndipo phulusa lake si loyenera kumunda.

Madzi akatayika saoleka. Zinthu zikasakanikirana ndi kuolera pamodzi palibe amene angazilekanitse. Nthawi yopatula ndi pamene munthu akutaya, chinthucho chikadali m'manja.

Kapangidwe ka kompositi wa zotsala za pamsika

Chofunika choyamba ndi madengu kapena matumba atatu, kaya ndi pakhomo, pabenchi kapena palesitilanti. Loyamba la zoola zokhazokha. Lachiwiri la zouma zosaola, monga majumbo, mabotolo, zitini ndi nsanza. Izi ndiye zodikira khonsolo, ngakhale zitsulo ndi mabotolo ena zili ndi ogula. Lachitatu, laling'ono, la zapoizoni, losungidwa pouma kutali ndi ana.

Sankhani malo a pamthunzi, okwera, kutali ndi chitsime, mjigo ndi gombe. Pansi yalani timitengo kapena mapesi okhuthala kuti mpweya uzilowa. Kenaka ikani zouma monga udzu, mapesi oduladula ndi masamba, muthire madzi, muike zaziwisi za kumsika, ndipo pamwamba pake ndowe kapena zitosi ndi dothi lapamwamba pang'ono. Bwerezani chomwecho mpaka mulu ufike m'chifuwa. M'lifupi ukhale mita imodzi ndi theka. Pa ndowa imodzi ya zaziwisi ikani ndowa ziwiri kapena zitatu za zouma. Mulu wa zaziwisi zokha umangonunkha ndi kuchucha, pamene wa zouma zokha umatha miyezi osasintha.

Za nsomba ikani pakatikati pa mulu ndi kuzikwirira bwino, apo ayi mudzaitana agalu, afisi ndi ntchentche. Nsomba zothira mchere wambiri zisiyeni. Phulusa muzingowaza, likachuluka limathamangitsa nayitirojeni. Mbewu zodwala, monga tomato wofota ndi matenda, musaike. Mango amene ali ndi mphutsi za ntchentche zoboola zipatso akwiriridwe m'dzenje lakuya theka la mita kapena kuposerapo, kuti mphutsizo zisatuluke ndi kukagwira zipatso zina.

Kunyanja kuno mdani wamkulu wa mulu ndi dzuwa ndi mphepo ya mwera, zimene zimaumitsa msanga. N'chifukwa chake njira ya chimato, yomata mulu ndi dothi ndi kusiya kabowo kotulukira mpweya pamwamba, imathandiza kumene madzi ali kutali. Amene ali ndi madzi pafupi ndipo akufuna manyowa msanga atsate njira ya changu, yotembenuza mulu pafupipafupi, monga masabata awiri alionse, zakunja kulowa m'kati ndi zam'kati kutuluka kunja.

Zikani ndodo pakati pa mulu. Mukaizula patapita masiku atatu kapena anayi ikhale yotentha ndi yonyowa. Kutentha kumeneku, kumene kumafika madigiri 55 mpaka 65, ndiko kumapha njere za udzu ndi tizilombo tambiri. Ndodo ikatuluka yozizira ndi youma, thirani madzi. Ikatuluka yonunkha ndi yamatope, tembenuzani ndi kuonjezera zouma. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu kompositi amakhala wakuda, wofumbutuka, wa fungo la dothi la m'nkhalango. Mulu wa mu Juni kapena Julaye umapsa mvula isanagwe, ndipo wa m'nyengo ya mango umapeza dimba la m'chilimwe. Thirani manja awiri paphando ndi kusakaniza ndi dothi musanabzale.

Mabotolo a mankhwala a mbewu atsukeni katatu, madzi otsukirawo muwathire mu sipuleya, ndipo botololo muliboole kuti wina asadzasungiremo mchere, mafuta ophikira kapena madzi akumwa. Musatsukire m'nyanja kapena mumtsinje, pakuti mankhwala monga Cypermethrin amapha nsomba ngakhale atachepa. Za kotayira mabotolowo funsani alangizi anu kapena kumene mudagula. Batire la sola likatha musaliswe. Ligulitseni lathunthu kwa ogula mabatire akale.

Nyanja ndiye imalandira zotsala

Pa Monkey Bay, ku Chembe, ku Msaka ndi m'madoko ena onse, chimene chatayidwa pamtunda mvula ikagwa chimatsikira kunyanja. Chaka cha 2024 madzi a m'nyanja adakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'boma la Mangochi, ndipo madzi akakwera chotero sasankha pofika, kaya ndi padzala kaya pachimbudzi. Nyanja ya Malawi ili ndi potulukira pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, kotero chimene chalowamo chimakhalitsa. Dera la Cape Maclear lidakhala paki yotetezedwa m'chaka cha 1980, ndipo bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 kaamba ka nsomba zake, makamaka mbuna. Alendo amene amabwera kudzaona nsombazi ndi omwenso amadya tomato, anyezi ndi mazira a alimi a kwa Nankumba.

Tisaiwalenso mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pofika mu 2023. Mangochi lidali limodzi la maboma amene adakhudzidwa kwambiri. Kolera amafala kudzera m'madzi ndi chakudya choipitsidwa ndi chimbudzi cha munthu. Mulu wa zinyalala umamutsegulira njira: majumbo amatseka ngalande, madzi oipa amasefukira kumene anthu akugulitsa zakudya, ndipo ntchentche zimachoka pathewera kukatera pansomba.

Tiyambire pati?

Mutu umodzi susenza denga. Mlimi mmodzi sangathe kutolera zoola za msika wonse, koma kalabu ya alimi khumi yokhala ndi ngolo kapena mawilibala awiri ingathe. Kalabuyo ikakambirane ndi komiti ya msika ndi woyang'anira msikawo kuti mbali ya ndiwo zamasamba, zipatso ndi nsomba ikhale ndi madengu akeake, ndipo alimi azichotsa tsiku lililonse madzulo. Kumadoko akambirane ndi makomiti a asodzi a BVC, ndipo kumalo ogona alendo ndi eni ake, amene khitchini zawo zimataya makoko ndi zotsala tsiku ndi tsiku. Malo ounjikira apemphedwe kwa amfumu, ndipo alangizi a zaulimi a ku Mbwadzulu ndi ku Nankumba aitanidwe kudzaonetsa kamangidwe ka mulu woyamba. Pangano lili lonse likhale ndi lamulo limodzi losasinthika: dengu limene mwapezeka batire, galasi kapena thewera libwezedwe.

Khonsolo nayo isapezerepo mwayi wogona. Zouma zosaola zikadali udindo wake, ndipo amene amadula chiphaso ali ndi ufulu wofunsa khansala wawo kuti bini ili kuti, galimoto ibwera tsiku liti, ndipo mtaya wovomerezeka uli pati. Funsoli limakhala ndi mphamvu pamene ofunsawo achita kale mbali yawo.

Amene muli ndi dimba yambani ndi bedi limodzi chaka chino. Lina mulisiye monga mwa masiku onse, mubzale mbewu yofanana tsiku limodzi, ndipo muwerenge kuti bedi lililonse likufuna makheni angati a madzi pasabata ndiponso mwathyolamo mipukutu ingati. Zotsatira zake mukazionetse anzanu a m'kalabu.